Tsache Loyenda Lokha

Mwaswera bwanji nonse.

Abwana anga kuno ku Arcadia agula kamakina kosesa kokha, kozungulira ngati chivundikiro cha poto. Lero ndikusita kanandigunda kuphazi, ine n'kupatuka, ndimvekere, "Pepani, dutsani." Abwana anaseka mpaka misozi.

Ndinangoima, ayironi m'manja, n'kumakayang'ana. Kakatopa kamabwerera kokha pakona pake kukapuma, palibe wokafunsa. Eish, ndinakasirira.

Koma sikasiya mizere. Amayi, mukukumbukira mizere ya tsache lanu pabwalo m'mawa, yokhotakhota ngati mamba a nsomba? Ife tinkadumpha kuopa kuifafaniza. Kuno pansi pangoti mbee, osadziwika kuti padutsa munthu.

Tsono abwana akuti Lachiwiri ndisamabwerenso, ndizibwera Lachisanu lokha. Achimwene, mukuti bwanji? Kamakinaka ndidane nako, kapena ndikapatse dzina?