Dzanja la a Sizikwana

Ndinagundizana nawo khoma zaka khumi ndi zinayi, ine ndikusoka mabuku othothoka, iwo akukonza makompyuta, koma pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mpaka lero. Munthu amene ankauza aliyense zoona za makina ake, ngakhale zowawa, analephera bwanji kutchula liwu limodzi lokha la thupi lake? Sindikuwatama ayi, anali ndi zofooka zawo monga tonsefe. Ndingolemba zimene ndinaona, ndi zimene mwana wawo anandiuza pambuyo pake.

Dzina loti a Sizikwana anawapatsa ndi makasitomala. Kachipinda kawo kanali pakhonde lalitali la timashopu, pakati pa kanga ndi ka telala. Munali tebulo loyalidwa mphira, nyale yopinda khosi, galasi lokulitsa zinthu, ndi timabotolo todzaza timasikulu, kalikonse ndi msinkhu wake. Munthu akabwera ndi kompyuta kuti aiikire purosesa yamphamvu, kachitsulo kophwatalala kaja kamene kamayendetsa zonse m'makinamo, iwo sankathamangira kumasula. Ankayamba awerenga nambala yolembedwa pa bodi, pamene purosesa imakhala. Kenaka ankatembenukira ku kompyuta yawo ya pakona n'kufufuza mndandanda wa kampani yopanga bodiyo. Purosesa ikasowa pa mndandandapo, ankavula magalasi n'kunena kuti, "Sizikwana."

"Koma bambo, kukula kwake n'kofanana. Taonani nokha."

"Kiyi wa nyumba yanu ndi wa nyumba yanga n'ngofanananso kukula. Kayeseni kutsegulira kwanga, muone."

Ena ankakwiya n'kuwolokera kwa okonza a tsidya lina la msewu, amene sankakana ntchito. Pakapita sabata ankabwerako nkhope zili pansi, makina atanyamula okufa. Motero liwu lawo limodzilo linasanduka chidindo. A Sizikwana akati sizikwana, nkhani inkathera pomwepo.

Dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera patatha zaka ziwiri chimwalirire akazi awo. Poyamba chinali chala chachikulu chokha, chikugwedezeka ngati chili ndi maganizo akeake. Anasiya kumwa tiyi pakhonde chifukwa kapu inkalira pa sosala.

"Achimwene, mwalowa mpingo woletsa tiyi kodi?" anafunsa telala.

"Ndachepetsa shuga," anayankha choncho, dzanja lili m'thumba la dasitikoti, chovala chawo chapantchito.

Ntchito zambiri ankazithabe. Kusintha fani, kupukuta fumbi, kumanga sikulu dzanja lamanzere likuthandizira, zonsezo zinkatheka. Koma purosesa ndi ina. Soketi imene imakhalamo ili ndi timapini toposa chikwi, toonda ngati tsitsi, ndipo purosesa iyenera kuterapo yonse nthawi imodzi, mofatsa. Ikatsogoza kona, timapini timagona.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wina ndi purosesa m'kabokosi. A Sizikwana anafufuza mndandanda ndipo anaipeza pa mzere wachisanu. Inali yokwana bwinobwino. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, akumva chala chikuvina m'thumba. Kenaka anavula magalasi.

"Sizikwana."

Mphunzitsiyo anathokoza kwambiri, nati amupulumutsa. Kuthokozako n'kumene kunawalasa. Komabe atabwera wina, ananenanso chimodzimodzi, ndipo kachiwiriko sikunavute ngati koyamba. Chaka chathunthu chinatha asanagwire purosesa, popanda wowakayikira.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anakulira pansi pa tebulo lamphira lija. Tsopano ankagwira ntchito pashopu yosindikiza makadi ndi zikwangwani. Lolemba lina m'mawa anatulukira atakumbatira kompyuta ya kuntchito, kumbuyo kwake kuli bwana wake, bambo wonenepa amene onse ankamutchula kuti a Chipewa.

"Ababa, abwana anga ndi awa. Makinawa akukwawa ndi pulogalamu yatsopano, ndiye tagula purosesa. Iwo amafuna kupita tsidya lija, koma ndawauza kuti kulibe wina woposa inu."

A Sizikwana anatsegula, anawerenga nambala, anatembenukira pakona. Bodiyo anaizindikira msanga, pakuti inali ya mtundu umodzi ndi ya m'kompyuta yawo. Anachedwa dala pa mndandandapo. Kenaka dzanja lamanzere linakwera kukavula magalasi.

"Mwanawe, izi si..."

"Zikwana, ababa. Ndaona kale." Anawatambasulira foni. "Bodi ndi iyi, soketi ndi iyi, purosesa ili apa. Angoti tiyambe taikamo bayosi yatsopano purosesa yakale ikadali momwemo, apo ayi bodi siizindikira mlendoyo. Si mmene munandiphunzitsira?"

A Chipewa anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Mdala, mwalera wapolisi m'nyumba. Ndiye Lachinayi m'mawa, eti? Tili ndi oda yaikulu ya makadi, ndipo mwana wanuyu wandilumbirira."

"Lachinayi," anatero a Sizikwana. Magalasi anawabwezera pamphuno.

Atatsala okha anagwira ntchito monga kale, osadumpha kanthu. Anaikamo bayosi, kapulogalamu kamene kamadziwitsa bodi mapurosesa ake, ndipo anayembekeza mpaka makina atadzuka bwino. Anamasula fani. Purosesa yakale anaitulutsa dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, ndipo inatuluka osakhudza kanthu. Mtima unakhala pansi pang'ono. Mwina ndakhala ndikuopa chabe, anaganiza.

Anadikira makina a telala asiye kulira, chifukwa ankagwedeza khoma. Anatenga yatsopano ndi zala ziwiri, naiyandikitsa pamwamba pa soketi, mpweya ataugwira. Panatsala kampata koti n'kulowa pepala lokha. Pamenepo chala chachikulu chinadumpha.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu waponda kaudzu kouma. Pansi pa galasi lokulitsa anaona timapini tisanu ndi tiwiri titagona mbali imodzi.

Lachiwiri anakabwereka singano kwa telala.

"Mukufuna kundilanda ntchito, achimwene? Makompyuta akukanani?"

"Batani la malaya," anatero.

Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita masana. Chigongono anachitsamiritsa pa buku, mkono naumanga ndi lamba ku sikuludiraiva yaitali kuti usagwedezeke. Kudzutsa kapini kamodzi ndi singanoyo kunkawatengera ola. Thukuta linkadontha pa magalasi. Pofika Lachitatu masana anali atadzutsa tisanu. Kachisanu ndi chimodzi kanaweramuka theka, singano inanjenjemera, kapiniko n'kuthyokera patsinde. Anakafunafuna ndi galasi, nakapeza pa mphira, kakunyezimira. Kubwezera kunalibe.

Anavula dasitikoti n'kuwoloka msewu, kupita kwa anthu amene kwa zaka zonsezi sankawapatsa ndi moni womwe. Analowa shopu ndi shopu kufunsa bodi ya mtundu umenewo.

"Zimenezo zinatha kalekale, mdala," anatero mmodzi, maso ali pa foni. "Inu a Sizikwana mukusowa bodi? Kwagwanji?"

Pobwerera anaima pakhomo nthawi ndithu akuyang'ana pakona. Kompyuta yawoyo ndi imene ankaonera mindandanda, ndi imene ankayesera zida za anthu asanazibweze. Popanda iyo, kachipindako kanali tebulo ndi timabotolo chabe. Anaikamo kaye bayosi yatsopano ija, kenaka anaizimitsa, naigoneka patebulo, nayamba kumasula. Purosesa yawo anaitulutsa atagwira mkono monga Lolemba. Inatuluka bwino. Bodi anaisamutsira m'makina a mwana wawo, waya uliwonse m'malo mwake. Soketi inatsala yotsegula, timapini tonse titaima. Anaiphimba ndi kachivundikiro kake kapulasitiki. Purosesa yatsopano sanaikhudzenso.

Lachinayi mwanayo anafika yekha, akupuma mofulumira.

"Zatheka, ababa? A Chipewa andiimbira kawiri ndili m'njira."

"Kasambe m'manja, uumitse bwino. Ukabwera ugwire kaye chitsulo cha zenera icho. Uika ndiwe."

"Ine? Chifukwa chiyani?"

Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika patebulo. Timasikulu ta m'botolo lapafupi tinayamba kulira. Mwanayo anayang'ana dzanjalo, kenaka nkhope yawo.

"Kuyambira liti?"

"Ukuona kachizindikiro kagolide pakona apo? Kalunjike ndi kamene kali pa soketi. Usakanikize. Ingoitula, ikhala yokha."

"Ababa, ndafunsa kuti kuyambira liti."

"Gwira m'mbali. Usakhudze kunsi."

Anachita monga anamuuzira. Zala zake zinali zokhazikika, ndipo purosesa inatera osamveka. Anatsitsa kachitsulo kotsekera, nadontheza pang'ono pakati pesiti yothandiza kuchotsa kutentha, nabwezera fani. Atadina batani, makina anadzuka nthawi yomweyo. A Sizikwana anawerenga pagalasi dzina la purosesa yatsopano n'kugwedeza mutu. Ntchito yonse imene inawagonjetsa chaka chathunthu inatha madzi a tiyi asanawire kwa telala.

Pokulunga mawaya m'pamene mwanayo anaona pakona. Bokosi la kompyuta ya bambo ake linali pululu, mawaya akulendewera mkati. Pambali pake panali bodi ya kuntchito kwake, singano ili pamwamba. Sanafunse za zimenezo. Anakhala pa kampando kamakasitomala.

"Anthu aja mwakhala mukuwabweza chaka chonsechi. Onse sizinkakwana?"

"Ena zinkakwana."

"Angati?"

"Nkhope zawo ndikuzidziwa zonse."

"Mukanangondiuza. Ndikanamabwera Loweruka lililonse kudzakuikirani. Ndani akanadziwa?"

"Ine."

Mwanayo anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anati Loweruka adzawatenga apite kuchipatala, ndipo ngati zili zosachiritsika akakhale kwa iye, chipinda chilipo. Foni yake inaliranso.

"Thamanga, abwana akudikira," anatero a Sizikwana. "Uinyamule choimika. Za Loweruka tiona."

Lachisanu sanalandire ntchito. Makina atatu a anthu amene anali pashelefu anawaimbira eni ake kuti adzatenge. Anasesa, anapukuta mphira ya patebulo, anabweza singano kwa telala.

"Batani lija linatheka?"

"Linakana."

Madzulo anakhala pansi ndi pepala ndi cholembera. Mizere itatu inawatengera nthawi yaitali, ndipo zilembo zinatuluka zokhotakhota, zosiyana ndi dzanja lokongola limene tinkalidziwa pa malisiti awo. Analimata pachitseko kunja. Linati: "Nonse amene ndinakuuzani kuti sizikwana kuyambira chaka chatha, kafunseninso kwina. Ena mwa inu ndinakunamizani. Makina anu alibe mlandu." Chifukwa chake sanalembepo.

Loweruka m'mamawa mlonda wa pakhonde anawaona akudutsa ndi kachikwama kakang'ono, atavala jekete la kutchalitchi. Anaima pang'ono pachitseko chawo, nakanikiza kona ya pepala imene inamatuka, kenaka anatsetsereka kulowera kokwerera mabasi. Mwana wawo atafika kunyumba cha m'ma eyiti anapeza bedi loyala ndi foni ili patebulo. Anafunsa kwa azakhali ake, kuchipatala, ndi kwa ogulitsa matikiti. Mabasi a m'mawa umenewo anapita mbali zinayi, ndipo palibe kondakitala amene anakumbuka nkhalamba yoika dzanja m'thumba.