Aphunzitsi Anga a Chingerezi Ndinawapeza Akulemba Nawo Mayeso

Miyezi isanu, anthuni! Miyezi isanu ndikupalasa njinga kuchokera ku Liwaladzi, kukaphunzira Chingerezi kwa munthu woti nayenso chinamugwetsa.

Ine Fomu 4 ndinakhoza maphunziro onse kupatula Chingerezi, ndipo popanda icho satifiketi sapereka. Sukulu za pulayimale zinali zitangokhala zaulere, aphunzitsi akufunika paliponse, anzanga akulembedwa ntchito ine ndikuonerera. Bambo akunyumba anati, "Mayi a Esinati, yesani komaliza. Zikakanika basi, tizingolima mpunga."

Mukudziwa mmene masukulu a pulayiveti anachulukira matipati atabwera. Aliyense wokhala ndi bolodi ndi choko anali hedimasitala. Athuwa anali a Chagwa, ankaphunzitsira m'golosale yakale m'mbali mwa msewu. Tayi pakhosi, dikishonale m'khwapa. Vuto langa ndinawauza osabisa: nkhani ya Chingerezi mawu ndimatchula bwinobwino, koma tanthauzo limandidutsa, mafunso ndimangolota. Anati ndisadandaule, amenewo ndiye matenda amene iwo amachiza.

Mankhwala ake? Kuyambira 2 koloko mpaka 4, iwo kuwerenga mzere mokweza, ife tonse kubwereza ngati kwaya. Nkhani imodzimodziyo tsiku ndi tsiku. Ndinailoweza mpaka ndinkaiimba pochapa. Tsiku lina ndinakweza mkono: "Aphunzitsi, nanga ndimeyi ikunena chiyani?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Akuti tanthauzo limabwera lokha lilime likafewa. Nanga kuyankha mafunso? Akuti tidzayamba mayeso akayandikira. Anayandikira, mpaka anafika.

Tsiku la mayeso, 8 koloko, ku boma. Kutsegula pepala, nkhani yachilendo, masamba awiri. Pakamwa panga panangoyamba pokha kuwerenga mokweza. Woyang'anira mayeso anagogoda desiki: "Mayi, muno timawerenga chamumtima." Chamumtima? Anandiphunzitsa ndani?

Podzutsa mutu ndi manyazi, mzere wachitatu kutsogoloku ndinaona dazi loti ndikulidziwa. A Chagwa! Tayi palibe, nambala pa desiki ngati ine ndemwe, akuluma bolopeni. Maola awiri aja ndinalemba mizere inayi.

Titatuluka ndinawatsekera njira pachipata.

"Aphunzitsi, mumatani muja?"

"Aa, mayi, tsitsani mawu," anatero akuyang'ana uku ndi uku. "Aka n'kachitatu. Ndimati pophunzitsa inu, nanenso mwina chindilowa."

Mwamva? Ife tinali oyesererapo awo.

Zotsatira zinabwera. Tonse awiri tinagwa. Sindikuwada chifukwa chogwa ayi, kugwa ndimakudziwa. Chikundiwawa n'choti ndinawauza chilonda changa tsiku loyamba, iwo ali ndi chomwecho, n'kukhala chete.

Inu ofuna kubwereza Chingerezi, musanakhale pabenchi funsani satifiketi ya aphunzitsiwo, muigwire m'manja, muwerenge dzina.

Ndipo inu a Chagwa, ndamva mwalembetsanso kachinayi. Zabwino zonse. Ine mwayi wanga unali umodzi womwewo. Mundibwezera bwanji?