Thobwa Limene Ndinapatsa Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga ankathamanga ngati wina akumupirikitsa. Anakula akutsika phiri la Mulanje ndi mtolo wa nkhuni pamutu, ndipo mpikisano wa chaka ndi chaka wa ku Likhubula, uja wokwera phiri n'kutsikira mbali ina, ankaulowa wopanda nsapato. Kawiri konse anathera pa nambala folo. Ine zinkandiwawa kuposa mwini wake, chifukwa chibadwire sindikonda kugonja, ngakhale pa mkangano wa pachitsime.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa nthochi ku Muloza. Ndinkaona amuna a kabaza akupalasa njinga ndi matumba atatu a chimanga, dzuwa lili paliwombo, osaonetsa kutopa. Mmodzi wa iwo, amene ankakonda kugula kwa ine, anandiululira chinsinsi chawo: timapilitsi tobiriwira togula kutsidya kwa malire.

"Mayi, mukamwa tiwiri, thupi limakhala ngati la eni ake," anatero. "Simumva kalikonse."

Ndinamutengera tiwiri mng'ono wangayo. Anakana.

"Achemwali, ine phiri ndimalimvera m'mawondo. Akandiuza kuti chepetsa, ndimachepetsa."

Ndinamulalatira. Ndinati atsikana ochokera ku Blantyre amabwera ndi nsapato zodula, zakumwa zamitundumitundu ndi owaphunzitsa, ndiye iwe wa zikang'a ukane kapilitsi? Nanga nsapatozo si mankhwala? Amene amaletsa zimenezi anayamba atsikapo phiri chamimba pepuu? Kunena zoona, mpaka lero ndimaona kuti mfundo ija inali ndi mutu wake. Koma mawondo anali ake, osati anga. Iye anangoseka n'kupitiriza kusenda chinangwa.

M'mawa wa mpikisano ndinamutengera thobwa m'botolo monga ndinkachitira chaka chilichonse. Ndinali nditatsegula timapilitsi tija n'kukhuthuliramo ufa wake, shuga ndinathira wambiri kuti kuwawa kusamveke. Anamwa lonse, nati lero mwalikometsa.

Anafika wachiwiri. Ndinalulutira mpaka mawu anasasa, ndinavula chitenje n'kuchiyala pansi kuti apondepo. Ndi pamene ndinaona bondo lake lakumanzere, litatupa ngati papaya. Amene anali pambuyo pake anati anagwa pa matanthwe oterera potsika, mwendo n'kupindikira kumene supindikira, koma anadzuka n'kuliyatsanso liwiro. Mtunda wonse wotsalawo anauthamanga pa bondo lowonongeka. Kuchipatala anati akanaima pomwepo, anthu n'kumunyamula, likanapola bwinobwino.

Sanathamangenso. Kuphiri sakwera, nkhuni amachita kugula kwa anzake omwe kale ankawasiya m'mbuyo. Mendulo yake ili pa msomali kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi ambulera.

Pa wailesi akamakamba za othamanga akunja ogwidwa ndi mankhwala, amuna anga amati angowalola onse azimwa, tione katswiri ndani. Kale ndikanathirira ndemanga mpaka ndiwo kupserera. Masiku ano ndimatuluka kukaona mbuzi. Sindidziwa za malamulo a masewera, ndipo sindinama kuti ndimawadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ululu umene ndinamuchotsera tsiku lija ndi umene ukanamupulumutsa.

Chimene chimandidya kwambiri n'chakuti iye amadziimba mlandu yekha. Loweruka lililonse ndimapita kukamutungira madzi, anthu n'kumanditama kuti ndine mkulu wachikondi. Mwezi watha, nditangotula ndowa pakhonde, anati:

"Achemwali, mpaka pano ndimadabwa. Ine amene ndimamva ndi kaminga komwe, tsiku lija sindinamve kanthu. Dyera la mendulo ndi limene linandigonthetsa. Ndinadzipweteka ndekha."

Ndinafuna kumuululira za thobwa lija. Ndinali ndi mpata wonse, panalibe wina pakhomopo. Koma ine wa pakamwa, amene sindisowa choyankha pamsika, ndinachita mantha kuti sadzandiyitananso achemwali. Ndinangoti, "Zinachitika basi."

Anandithokoza chifukwa cha madziwo n'kulowa m'nyumba motsimphina, dzanja litagwira khoma. Anatuluka ndi kapu ya thobwa, nati ndimwe ndisanabwerere, kunja kwatentha. Anaima pomwepo kundiyang'ana, akumwetulira, mpaka ndinamaliza.