Tsiku limene ndinakaniza alamu anga chitengwa

Sukulu anandilanda ndili Fomu 3. Fizi inasowa, anandiuza kuti ndikadikire kunyumba, ndipo kudikirako sikunathe mpaka lero. Munthu asandiuze za chifuniro cha Mulungu pa nkhani imeneyi. Anzanga amene ndinkawaonetsa masamu lero amavala mataye, ine ndimapalasa kabaza pakati pa Rivirivi ndi Balaka tauni, kunyamula anthu onenepa amene amanenerera mtengo tili pakati pa chitunda.

Chimene sanathe kundilanda ndi basiketibo.

Bwalo lathu lili kuseri kwa tchalitchi. Simenti yake ndi yong'aluka, ndipo lingi imodzi, chitsulo chozungulira chimene timaponyamo mpira, inapendekera kalekale. Anyamata a mpira wamiyendo ankatiseka kuti tikusewera ntchemberembaye ya amayi athu. Ndikatsamiritsa njinga pa mpanda madzulo, mkwiyo wonse wa tsikulo unkatsalira pa chishalo. Akochi athu anali aphunzitsi a ku pulayimale, bambo ofatsa amene ankagula mipira mobisira akazi awo. Ine ndinali wogawa mipira. Ndine wamfupi, koma maso ndili nawo.

Kenako kunabwera mnyamata wina wamtali. Kwawo ndi ku Nkaya, kumene ankasenza matumba pa siteshoni ya sitima. Tsiku loyamba anafika atavala patapata, osadziwa lamulo ngakhale limodzi. Ankakumbatira mpira n'kumathamanga nawo ngati waba nkhuku. Tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma atadumpha, chiseko chinatha. Chigongono chake chinafika pa lingi. Akochi anavula magalasi, kuwapukuta ndi shati, n'kunena kuti, "Mawa ubwerenso."

Amene anamuphunzitsa kudunda mpira ndine, ndipo sindinamunyengerere. Ndinkamutukwana tsiku ndi tsiku, iye n'kumangoseka. Pasanathe chaka tinali titamvana moti sindinkayang'ananso kumene ali. Ndinkangoponya mpira m'mwamba, kumene kunalibe munthu, ndipo munthu ankapezekako. Tinagonjetsa a ku Liwonde pakwawo pomwe. Tinagonjetsa anyamata a ku koleji ya ku Zomba, ovala nsapato zatsopano, ife titavala zapakaunjika. Pobwerera tinkaimba pa lole njira yonse, fumbi lili thoo m'kamwa. Amayi a mu msika anayamba kusiya tomato ndi ana awo kuti adzationere. Ngakhale a mpira wamiyendo aja anayamba kukwera pa mpanda, nthabwala ya ntchemberembaye ataiiwala. Masiku amenewo ndinkagona miyendo ikuwawa, mtima uli mbee.

Tsiku lina wamtali uja anabwera kwathu kudzabwereka pampu ya njinga, n'kupeza achemwali anga aakulu akupeta nandolo. Pampu anabweza mawa lake. Mkuja wake anadzabwerekanso. Munthu analibe njinga. Chinkhoswe chitachitika, anadzakhala kwathu monga mkamwini, mmene timachitira kuno: mwamuna ndiye amatsatira mkazi. Anayamba kulima m'munda wa amayi, kuumba njerwa za nyumba yawo, ndi kudzigunda mutu pa chitseko chilichonse cha pakhomo pathu. Mnzanga wa pa bwalo anasanduka alamu anga. Ndinaona ngati timu yakhazikika mpaka kalekale.

Mu ligi yathu wosewera aliyense amasaina khadi la chaka chimodzi. Ligi ikatha khadilo lafa, ndipo munthu ali mfulu kulowa timu iliyonse mpaka tsiku lotsekera kalembera. Zaka zonse lamuloli silinkatikhudza, chifukwa panalibe amene ankatifuna. Chaka chimenecho, ligi itangotha, pa bwalo panaima galimoto yoyera. Munatuluka bambo wina wa timu yaikulu ya ku Blantyre, ija imene osewera ake amalandira malipiro pa mwezi. Sanazungulire. Anamulonjeza wamtaliyo malipiro, chipinda, ntchito ku nyumba yosungiramo katundu, ndi nsapato za saizi yake, zimene pa kaunjika wa pa Balaka sizipezeka. Anamupatsa mpaka Loweruka lotsekera kalembera kuti aganize.

Akapita iyeyo, timu yatha. Tonse tinkadziwa. Popanda iye tinali anyamata afupiafupi othamanga pa simenti yong'aluka.

Tinayesa kupikisana nawo a ku Blantyre, ndipo mpaka pano ndimaseka ndikakumbukira. Wokazinga tchipisi wa pa depoti analonjeza mbale yaulere Loweruka lililonse. Wometa analonjeza kumumeta ulere moyo wake wonse, koma azikhala pansi chifukwa pampando sangamufikire. Amayi a mu msika anati tomato ndi anyezi asamagulenso. Akochi anamupatsa wezulo yawo kuti akhale wachiwiri wawo. Iye anathokoza aliyense ndi manja awiri, koma maso ake ndinawaona. Anali kale pa msewu wa ku Zalewa.

Amayi ndi amene anandiuza, tikusenda chinangwa, kuti alamu akufuna kupempha chitengwa. Mkamwini sangangonyamula mkazi n'kupita naye kwina. Amayenera kupempha kwa mwini mbumba, mwamuna woyang'anira akazi a pabanjapo, ndipo kwathu ameneyo ndi amalume. Koma amalume ali ku Joni. Titawaimbira, anayankha ali pakati pa phokoso la magalimoto.

"Ine ndili kutali, mphwanga. Mwamuna amene ali pakhomopo ndiwe. Uweruze, undiuze."

Ine. Wa kabaza, wosamaliza sukulu, amene pa misonkhano ya pabanja ankangotumidwa kukatenga mipando. Ndinatuluka panja n'kuseka ndekha ngati wamisala. A ku Blantyre ali ndi galimoto yoyera, ine ndili ndi mawu amodzi okha, ndipo mawuwo ndi okwanira.

Nkhani inafika pa bwalo ine ndisanafike. Anyamata anandilandira ataimirira, wina n'kupukuta benchi ndi jezi yake.

"Khalani apa, a mwini mbumba. Madzi akumwa tikupatseni?"

"Choka apa iwe."

"Koma mukana eti? Musatichititse manyazi, akuluakulu."

Akochi anandiitanira pambali. Anayamba ndi zoti ukwati ndi chinthu cholemekezeka, kuti iwo sangalowerere za m'banja la eni. Anapukuta magalasi nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Koma mwambowo umalola kukana ndithu?"

Msonkhano unachitika Lamulungu titachoka ku Misa, pakhonde pa amayi. Alamu anabwera ndi ankhoswe awo, mkulu wina wa ku Nkaya wovala kofia, atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Ine anandipatsa mpando wa ndalema, umene sindinaukhalepo chibadwire. Achemwali anakhala pa mphasa pambali pa amayi, mimba itayamba kuoneka. Alamu anakhala pa kampando kakang'ono, mawondo ali m'makutu.

Ankhoswe aja analankhula bwino, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Anathokoza banja lathu posunga mwana wawo. Anati mwayi wapezeka ku tauni, ndipo akupempha kuti mkazi atsagane ndi mwamuna wake. Anakankhira nkhuku ija kutsogolo kwanga. Mwambo umafuna kuti woyankha azungulire kaye, athokoze, afunse za mvula ya ku Nkaya. Ine ndilibe nthawi imeneyo.

"Iyayi," ndinatero.

Nkhuku yokha ndiyo inalira.

"Mwina a mwini mbumba angatiuzeko chifukwa," anatero mkulu uja mwaulemu.

Ndinali nditakonzekera. Ndinati nyumba sanamalize, ili pa windo. Ndinati mkamwini wa chaka chimodzi sapempha chitengwa, sitinamuone bwino khalidwe. Ndinati amayi akukalamba, munda alima ndani. Zonsezo zinali zoona, ndipo mkuluyo ankagwedeza mutu.

Achemwali anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Achimwene," anatero. Chibadwire amanditchula kuti iwe, choncho ndinadziwa kuti zaipa. "Mundiuze pamaso pa alendowa. Mukukanira ine, kapena mukukanira mpira?"

Kunama sindimatha.

"Mpira."

Amayi anabisa nkhope mu chitenje, mapewa akugwedezeka. Mkulu wa kofia anayesa kutsokomola koma chiseko chinamupulumuka. Ngakhale alamu, amene ndinali nditangowatsekera njira, anaseka mpaka kampando kanapendama.

Chiseko chitatha, achemwali analankhula, ndipo sankasekanso. Anati iwo ku Blantyre sapita, kaya ine ndivomere kaya ndikane. Sakaberekera mwana woyamba m'chipinda chimodzi cha lendi, kutali ndi amayi, pakati pa anthu osawadziwa. Nandolo wawo ali m'munda, ndipo malo awo ogulitsira pa msewu ku Phalula akawasiya sadzawapezanso.

Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Koma anapitiriza.

"Bambo awa sindinawamange. Chitengwa n'cha mkazi. Mwamuna akafuna kupita kukagwira ntchito, amapita. Amalume ali ku Joni anapempha ndani? Apite, azibwera pakutha pa mwezi. Ine sindidandaula."

Pamenepo m'pamene ndinaona kupusa kwanga. Timu yonse, ndi akochi omwe, tinkayesa kuti ndikakaniza mkazi ndatsekera mwamuna. Mawu anga aja anagwira munthu amene sankafuna n'komwe kupita. Wamtaliyo anali mfulu monga analili pa tsiku limene galimoto yoyera inabwera. Ndinadzuka pa mpando wa ndalema uja n'kuubweza m'nyumba ndekha.

Sabata imeneyo wamtaliyo sindinamufunse kanthu. Ndinkamuona m'mawa ataima pa nyumba yake yosatha ija, akugwiragwira njerwa. Tsiku lina ndinamupeza akuyesa nsapato zimene a ku Blantyre anamutumizira, akuyenda nazo pang'onopang'ono pabwalo ngati mwana pa Khirisimasi. Zinamukwana bwinobwino. Ndinakwera njinga n'kuchokapo osapereka moni.

Loweruka lotsekera kalembera tinali ndi masewero opimana mphamvu ndi a ku Liwonde, ndipo munthu wa ligi anabwera ndi makhadi atsopano kuti tisainire pa bwalo pomwepo. M'mawa ndinadzuka n'kupeza alamu kulibe. Amayi anati atuluka ndi chikwama, achemwali akuwaperekeza. Sindinafunse zambiri. Ndinapalasa kupita ku bwalo ngati ndikupita ku maliro.

Tinasaina mmodzimmodzi. A ku Liwonde anali atamva kale, ndipo mnyamata wawo wina anatikuwiza.

"Mlongoti wanu uja uli kuti? Lero muponya ndi makwerero?"

Anthu anali ochepa, amayi a mu msika sanabwere. Akochi anagwira khadi limodzi lotsala, osadziwa kolisiya.

Ana a pa mpanda ndi amene anayamba kukuwa. Pa msewu wochokera ku depoti pankabwera kabaza wa mnzanga wina, woyendetsa ali wefuwefu, kumbuyo kuli munthu amene mapazi ake ankakwekwereza pansi. Pambuyo pake kabaza wina, achemwali atakhala chammbali, atagwira chikwama chija.

Wamtaliyo anatsika atavala nsapato zake zakale zong'ambika kutsogolo.

"Munali kuti, alamu?" ndinafunsa.

"Ku depoti. Ndimakapatsira kondakitala nsapato za eni, azibweze ku Blantyre. Sindingadye za anthu ndisanawagwirire ntchito."

"Ndiye simukupita?"

"Mwana wanga abadwe ine ndili pa benchi ku Blantyre, nyumba ilibe denga? Anthu a pa Rivirivi azidzati mkamwini wa ku Nkaya anathawa njerwa." Anandiyang'ana kuchokera kumwamba kuja. "Komanso kumeneko ndani azindiponyera mipira yokhotakhota ngati yanuyi?"

"Yokhota ndi miyendo yanuyo."

"Chaka chimodzi chokha, alamu. Chaka chamawa akadzabweranso, tidzakambirana."

"Sainani kaye, zolankhula pambuyo."

Panalibe tebulo. Ndinawerama, anaika khadi pamsana panga n'kusaina, akudinikiza cholembera dala kuti ndimve kuwawa. Akochi, bambo amene sindinawaonepo akuthamanga, analanda khadilo n'kuthamanga nalo kwa munthu wa ligi. Mwana wina anali atathamangira kale ku msika, ndipo tisanayambe amayi aja anatulukira pa ngodya ya tchalitchi akululutira, wina atanyamula beseni la tomato pamutu poti analibe womusiyira. Achemwali anakhala pa benchi ya osewera, pakati penipeni, ndipo palibe amene analimba mtima kuwachotsa.

Wezulo italira, mpira unabwera kwa ine. Mnyamata wa ku Liwonde uja wa makwerero anandiima kutsogolo, manja ali tambalale. Ndinamuyang'ana m'maso, n'kumufunsa ngati amayi ake ali bwino, kenako ndinaponya mpira m'mwamba kumbuyo kwake. Sindinayang'ane. Ndinangomva lingi yopendekera ija ikulira, ndi bwalo lonse likuphulika.