Makutu Pakhoma

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ananditumiza kusukulu ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Kachulu, nandipatsa sitandade sikisi. Titafika pamutu wa kayendedwe ka mawu, buku la sayansi linati nditenge kachitsulo kena kamphanda kolira kakamenyedwa. Nditakafunsa ku ofesi, a hedi anandiyang'ana ngati ndapempha ndege.

"Zipangizo zilipo, koma zidakali kuboma," anatero. "Gwiritsani ntchito nzeru, madamu."

Ndinagwiritsadi. Ndinawauza ana kuti mawu sayenda mumpweya mokha, amadutsanso m'madzi, m'thabwa, m'nthaka ngakhale m'khoma. Ntchito yokachita kunyumba inali yophweka: aliyense akagunditse khutu pa chinthu cholimba, alembe zimene wamva.

M'mawa mwake panalibe wojomba. Mtsikana woyamba anawerenga kuti anaika khutu pabwato la amalume ake, namva madzi akugunda ngati ng'oma. Wina anagona pamsewu n'kumva minibasi isanatulukire. Mtima wanga unadzaza. Ndinaona kuti ndinabadwira ntchito imeneyi.

Kenako anaimirira mnyamata wa ku Likangala, kope m'manja.

"Ine ndinaika khutu pakhoma la kuchipinda. Ababa amauza amayi kuti mpunga woswekawo auike pansi pa thumba, wabwino pamwamba, ogula a ku Zomba sapisa dzanja."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndisanaletse, wina anali atayamba kale: azakhali ake akuti matemba a chaka chatha ukawawaza madzi amaoneka a dzulo. Mtsikana wa kutsogolo, wanzeru kuposa onse, anati iye sanadikire kufika kunyumba. Poweruka anagunditsa khutu pachitseko cha ofesi, pomwe panali pepala loti muli msonkhano wofunika.

"Unamva chiyani?" anafunsa anzake.

"Mkonono."

Womaliza anandiyang'ana mwachisoni. "Amayi akuti inuyo madamu simudzakwatiwa kuno, chifukwa mlamba mumaugwira ndi zala ziwiri ngati njoka."

Lachitatu makolo anafika njinga zili ndandanda. Asilamu ndi Akhristu omwe, amene pankhani ya tsiku losesa pasukulu sankamvana, tsiku limenelo anali pakamwa pamodzi. Bambo a mpunga aja ndi amene anayankhula.

"Ife tinatumiza ana kuti adzaphunzire, osati akhale apolisi m'nyumba mwathu. Sayansi yanuyo izithera pageti."

Sukuluyo inalibe n'geti lomwe. Palibe kholo linati mwana wake wanama. A hedi, maso ali pansi, anafotokoza kuti iwo akamaganiza mozama amapuma mwamphamvu, ndipo mwana wosaphunzira akhoza kusokoneza. Anagamula kuti mutuwo ndiumalize polemba pabolodi, ana azikopera mwakachetechete.

Tinatero. Sabata ziwiri tinaphunzira za mawu popanda wotsokomola. Pamayeso a teremu, funso la zinthu zimene mawu amadutsamo analikhoza onse, ngakhale aja osatha kulemba dzina lawo bwinobwino. A hedi anakanena kumsonkhano wa aphunzitsi kuti zimenezi ndi zipatso za utsogoleri wabwino.

Mutu wotsatira unali wa kuwala. Ndinali nditabwereka magalasi anayi oyang'anira nkhope, oti ana aone mmene munthu angaonere zakuseri kwa ngodya. Ndikulowa nawo m'kalasi, a hedi anandipingasa pakhomo, nawalandira ndi manja awiri, nakawatsekera m'kabati.