Nkhono Yamwala ya Bambo Anga

Fungo la utsi wa nkhuni zonyowa za paini likangondipeza, ine basi ndabwerera ku Bembeke, chaka chija cha chisanu cholasa mpaka m'mafupa. Nkhungu inkatsika m'phiri m'mawa kuti mbuu, osaona ngakhale nkhokwe ya pakhomo. Ndinali kamtsikana ka Sitandade 2, miyendo yotuwa ngati phulusa.

Chaka chimenecho bambo anabwera kudzationa kuchokera ku Mozambique, kutali kumunsi uko, kumene ankaphwanya miyala ya msewu. Nsalu ayi, shuga ayi. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mwala wodzaza dzanja, wopindika ngati nkhata, wa mizere yotukuka ngati nthiti za mbuzi. Nkhono, inu, nkhono yeniyeni, koma yamwala! Anati anaitola pamtunda pouma, kutali ndi nyanja yamchere, ndipo zinali mbwee. Kapitawo wawo anawauza kuti kalekale, munthu asanaponde pansi pano, nyanja inakwera n'kumiza mtunda wonsewo, kenako inabwerera n'kusiya zamoyo zake m'matope, matopewo n'kuuma kukhala mwala.

Ine pakamwa panga sipasunga kanthu. Lolemba ndinakailengeza nkhaniyo kusukulu. Ana anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo aphunzitsi anati, "Nyanja kukwera mtunda, ili ndi miyendo? Ubwere nayo nkhono yakoyo tiione." Tsiku lomwelo anzanga anandipatsa dzina, Nabodza. Dzina limenelo likanachoka ndi chinthu chimodzi chokha, mwala uja.

Ndinathamanga, ndinathamanga, kufika kunyumba, pazenera pamene mwalawo unkakhala palibe. Bambo anali atabwerera kale kuntchito. Ndinaupeza kubafa ya udzu, uli m'manja mwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, akukwecha nawo zidendene. M'chisanu cha kwathu mapazi amang'aluka, makamaka a anthu oswera m'madzi a kudimba, ndipo mizere ya nkhono ija inkachotsa chikhungu cholimba kuposa mwala uliwonse wa kumtsinje.

"Amayi, ndipite nawo kusukulu tsiku limodzi lokha."

"Mawa, mwanawe. Uwu Mulungu anaumbira mapazi anga, aphunzitsi akowo ali ndi nsapato."

Mawa, mawa, mawa! Mawa lake unali kwa a Nachisale, oyandikana nafe. Mkuja unali kutsidya kwa apongozi awo. Mwala unayenda mudzi wonse ngati mtondo wobwereka, ine ndikuulondola pambuyo, ndikugwada pakhomo lililonse, kuyankhidwa kuti wangochoka kumene. Tinapalira kachewere, tinakumba kachewere, ine ndidakali Nabodza. Pompumira ndinkadya chimanga changa chokazinga ndekha kuseri kwa tchalitchi, mano akugwedezeka, mtima ukuwira.

Amayi aakulu anandipatsa mwala uja mphepo ya Ogasiti itayamba. Mayo ine! Mwalawo unali wofewa, ndipo zidendene za mudzi wonse zinali zitaudya. Nthiti zija zinatha, unali see ngati sopo wotsala. Ndinapita nawobe, nditaukulunga m'kansalu. Aphunzitsi anautembenuza uku ndi uku, anaununkhiza, n'kunena kuti, "Uwu ndi mwala wa kubafa." Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Pobwerera ndinauponya m'dambo, ndipo amayi aakulu sindinawalankhule mpaka mvula yoyamba.

Chaka chatha mdzukulu wanga wa kusekondale anandionetsa chithunzi pafoni. Nkhono yomweija, nthiti zake zomwezija! Anati nkhono zotere zinkasambira m'nyanja nthawi ya zibuluzi zikuluzikulu zimene zinatha kalekale, ndipo nyanja inakwera n'kutsika kambirimbiri. Ndinalulutira, ndinavina pabwalo, nkhuku kubalalika. Koma ondimva kuti sindinaname ali kuti? Aphunzitsi anapita, amayi aakulu anapita.

Ndili mwana ndinkati anandibera choonadi changa chifukwa cha mapazi chabe. Tsopano ndalima dimba zaka zonsezi, ndikudziwa mmene mng'alu umalumira ukaponda madzi a Juni. Mwala uja utabwera lero, sindikudziwa ngati ndingapite nawo kusukulu kapena kubafa.