Ku Sparta akanakutayani, Adadi

Adadi, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda. M'mawa uno pa basi ya ku Lewisham panali chithunzi cha msilikali wa Chigiriki atavala chipewa chachitsulo, ndipo ndakumbukira Loweruka lija munanditengera kunyumba yosungirako zinthu zakale. Kumudzi munali mphunzitsi wa mbiri yakale, kuno kunja kwa dziko mlonda wa pashopu, ndiye tsikulo munapeza kalasi: ine ndekha, mwana wanu wamkazi wotsimphina, wa zaka khumi ndi zitatu. Munandionetsa miphika yojambulidwa anyamata othamanga. Munafotokoza kuti ku Sparta, mzinda wa Agiriki akale, khanda likabadwa, akuluakulu ankaliyang'anitsitsa, likakhala lopunduka ankakalitaya kuphiri. Kenako munayang'ana nsapato yanga yokhuthala ija n'kuseka. "Iwe akanakutaya tsiku lomwelo." Pobwerera m'sitima munkadya tchipisi ngati simunanene kanthu.

Sitiroko itakugwetsani, achimwene anga a miyendo yabwino aja ankangoimba foni. Wokusambitsani ndinali ine, wokusinthani thewera ndinali ine. Tsiku lina ndikukupukutani dovu, ndinawerama n'kukunong'onezani kuti, "Adadi, ku Sparta akanakutayani." Pakamwa panali patapotoka, simunathe kuyankha, koma munamva. Msozi unatsika m'diso limodzi lokha, ndipo ndinausiya mpaka unalowa m'khutu.

Kutchalitchi amanditamabe kuti ndinakusamalani bwino. Ine ndimangoti zikomo. Gonani, aphunzitsi. Phunziro lanu lija ndinakhoza.